Mayina a Kuseri kwa Zithunzi

Ndinalonjeza bambo anga ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, sutikesi ili kale pakhomo. Anandigwiritsa chivindikiro cha bokosi lawo lachitsulo n'kundiuza kuti ndinene mawuwo ndi pakamwa panga: chithunzi cha munthu chidzatuluka m'nyumba muno m'manja mwa mwini wake kapena mwa mwana wake, osati mwa wina aliyense. Ndinanena. Ndinanena mothamanga, poopa kuti basi indisiya.

Patapita zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, tsiku lachitatu chibwerereni kuchokera kunja, ndinapeza mlamu wanga, mkazi wa mng'ono wanga, atakhala patebulo la pabalaza ali ndi labala m'manja. Kumanzere kwake kunali mulu wa zithunzi zolembedwa kuseri. Kumanja kunali mulu wina, kuseri kuli mbee. Nyenyeswa za labala zinali mbwee patebulo ngati chiswe chakufa, ndipo pansi, pafupi ndi phazi lake, panali simbi yamakala yositira zovala, ili yotentha.

Ndinamufunsa chimene ankachita. Sanatukule mutu. Anati akuyeretsa.

"Mukuyeretsa chiyani, alamu? Amenewo ndi mayina a anthu."

"Anthu ake ali kuti, alamu? Muwaitane abwere adzandiletse."

Anatenga chithunzi china, cha bambo wovala chipewa atatsamira lole yonyamula matabwa, n'kuchitembenuza. Anafufuta mizere itatu ya pensulo, kenaka anayala kansalu pamwamba pake n'kudutsitsapo simbi kawiri. Anandifotokozera, ngati akuphunzitsa mwana kuchapa kolala, kuti apongozi ake ankalemba mokanikiza kwambiri, moti ukangofufuta dzina limatsalabe ngati chipsera. Simbi ndiye inkamaliza ntchito.

Malemu bambo anali wojambula zithunzi kwa zaka makumi anayi. Anthu ankawatchula kuti a Musagwedezeke, chifukwa ndiwo mawu amene ankanena asanadinde kamera. Aliyense wojambulidwa ankapatsidwa kapepala ka nambala, ndipo chithunzi chikauma bambo ankalemba kuseri kwake nambala ija, dzina la munthu, ntchito yake ndi tsiku. Ankalemba ndi pensulo yokha, poti inki imalowerera mpaka kunkhope. Koma si onse ankabwera kudzatenga. Ena ankapita kukasaka ntchito kutali, ena chibwenzi chinkatha chithunzi chisanaume, ena ankamwalira. Zosatengedwazo ndizo zinadzaza bokosi lachitsulo lija.

Ndinalanda labala m'manja mwa mlamu. Iye anangokweza mawu pang'ono kuitana mwamuna wake, ndipo mng'ono wanga anatulukira kuchokera m'chipinda chakutsogolo, chimene kale chinali situdiyo ya bambo ndipo tsopano ankametamo anthu. Anali ndi makina ometera m'manja, tsitsi la munthu wina lili pamalaya.

"Achimwene, masiku atatu okha, mwayamba kale kutiwerengera malamulo?"

Anandiuza zonse mosabisa, mwina ankafuna kale kuti ndidziwe. Kunali munthu amene ankayenda m'matauni kugula zithunzi zakale. Zaukwati sankazifuna. Ankafuna za magalimoto, za ndege, za anthu ali pantchito zawo, ndipo ankafuna zopanda mayina. Mulu woyamba anali atatenga kale chaka chatha. Tsopano ankabwerera bokosi lonse.

Ndinamukumbutsa za lonjezo. Anaseka mpaka anaika makina aja patebulo.

"Munalonjeza ndinu. Ine sanandilonjezetse kanthu, ankadziwa kuti sindichoka. Inu munapita ndi lonjezo, ine ndinatsala ndi denga lodontha."

Mlamu anawonjezera kuti malonjezo a kunja amabwera atavala jekete koma sagula ngakhale msomali umodzi wa malata. Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Mng'ono wanga anandiyandikira mpaka ndinamva fungo la sipiriti wometera, ndipo ndinaona kuti ali ndi imvi, mwana amene ndinamusiya akusewera ndi zotsekera za mabotolo.

Pamenepo mawu a amayi anamveka kuchokera kuchipinda chakumbuyo.

"Amene mukukanda tebulo langa, mubwere nacho kuno chimene mukukandacho."

*

Amayi anali atachita khungu ndi ng'ala zaka zisanu zapitazo. Ankagona m'chipinda chimene bambo ankatsukiramo zithunzi, ndipo mawindo ake anali akadali opakidwa utoto wakuda, poti panalibe amene anaona chifukwa choupalira. Bokosi linali pafupi ndi bedi lawo. Kiyi wake mlamu ankamutenga pansi pa pilo amayi akapita kukasamba.

Ndinawapatsira chithunzi cha kumulu wa kumanzere. Anachitembenuza n'kuyendetsa chala kuseri kwake pang'onopang'ono. Zilembo sankazitha, koma manambala ankawazindikira, chifukwa ndiwo ankayanika zithunzi pachingwe n'kuziika m'maenvelopu zaka zonse zija.

"Bambo ako ankalemba ngati akukhoma msomali," anatero. Anatchula nambala ija osaphonya.

Kenaka anapempha cha kumulu wa kumanja. Chala chinayenda kuchokera kungodya kukafika kungodya, kubwerera, kuyendanso.

"Uyu ndani?"

Mlamu anati akukaona madzi pamoto. Mng'ono wanga anati wasiya munthu atametedwa mbali imodzi.

Titatsala awiri, amayi anapisa dzanja pansi pa pilo n'kundipatsa kiyi uja. Anandikumbutsa kuti tsiku limene ndinkalumbira iwo anaima pakhomo pomwepo atanyamula kamba wanga wa paulendo, ndipo anamva mawu onse. Ndinamangirira kiyi pachingwe n'kumuvala m'khosi, ndipo kwa masiku angapo ndinayenda m'nyumbamo ngati munthu wolungama.

Ndinkadzuka m'mawa kukayendera zotsala za bambo. Pabwalo panali chigoba cha galimoto yakuda imene sinayendepo chiigulireni. Bambo anaikoka ndi ng'ombe kudzaiika pamenepo kuti anthu azijambulidwa atagwira chiwongolero. Anyamata ambiri anapeza akazi ndi galimoto imeneyo. Tsopano nkhuku zinkaikira mazira pampando wa dalaivala. Chinsalu chachikulu chimene bambo anajambulapo ndege, chokhala ndi bowo la windo loti munthu azisuzumira ngati ali m'mwamba, chinali chitafunditsidwa pamatumba a makala. Mafilimu onse anali atasungunuka ndi kutentha kwa malata n'kumatirirana, ndipo mng'ono wanga anawataya m'dzenje chifukwa ankanunkha. Ndiye kuti chithunzi chilichonse m'bokosimo chinali chokhacho padziko.

Mumsewu wathu aliyense anali ndi foni yodzaza zithunzi za iye mwini, atapotoza milomo. Ndinafunsa anyamata atatu amene ankadikira kumetedwa ngati ankadziwa nkhope ya agogo awo aamuna. Mmodzi anandifunsa ngati kunja kuli ntchito za ulonda.

*

Wogula uja anabwera Lolemba. Galimoto yake yoyera, ya magalasi akuda, inaima pambali penipeni pa chigoba cha bambo, ndipo nkhuku zinathawa. Anthu a mumsewu ankamutchula kuti Wamagolovesi. Ndinkayembekezera mlendo wolankhula mopotoka, koma anatuluka munthu wathu, wa msinkhu wanga, wolankhula motsitsa ndi mwaulemu kuposa tonse m'nyumbamo. Anagwada polonjera amayi. Amayi anamupatsa nsonga za zala zokha.

Atakhala patebulo anatulutsa magolovesi oyera m'thumba n'kuvala, chala chimodzichimodzi. Kenaka anatsegula buku lalikulu lolemera, la zithunzi zochokera kwa wojambula wa tauni ina. Mabuku otere ndinkawadziwa. Ndinawaonapo m'masitolo a magalasi ndi pamatebulo a m'mahotela, ndipo awiri ndinagula ndekha m'nyengo yozizira, n'kumawatsegula ndikafuna kulira. Munali mabasi a mphuno zazitali, amayi onyamula mitolo pasiteshoni, ndege ya mapiko awiri ana ataizungulira. Pansi pa chithunzi chilichonse panali mawu ofanana: mwamuna wosadziwika ndi lole yake, mayi wosadziwika pamsika. Zaka zonsezo sindinadzifunsepo kuti anthuwo anakhala bwanji osadziwika.

Ndinamufunsa chifukwa chofufutira mayina. Anayankha mosachita manyazi kuti mabwana ake, amene ankakhala kutali, sankafuna milandu. Pakakhala dzina pamabwera mdzukulu, ndipo mdzukulu amabwera ndi loya.

Ndinamuuza kuti bokosi silichoka. Anagwedeza mutu ngati akugwirizana nane, n'kupempha kuti angoliona. Amayi atamulola, anagwada pambali pa bokosi, n'kulitukula pang'ono mbali imodzi. Pansi pake panali patadyeka ndi dzimbiri, ndipo mizere yofiira ya dothi la chiswe inali itakwera kulowa mkati.

"Mvula ikubwerayi ndi yomaliza ya bokosi ili, bambo," anatero. Anapukuta golovesi ndi kansalu.

Titabwerera pabalaza anafunsa za chithunzi chimodzi. Anati nkhalamba za m'matauni atatu zinamuuza za tsiku limene kandege kanatera mwadzidzidzi pabwalo la sukulu yathu, anthu onse n'kuthamangirako, ophunzira, ogulitsa pamsika, ngakhale odwala a kuchipatala. Nkhaniyo ndinkaidziwa. Bambo anali ndi malo amodzi okha otsala pafilimu, ndipo anadikira mpaka wokonza njinga wa pamsika, amene anaitanidwa ndi masipanala ake, anaima atagwira phiko la ndege, wopanda nsapato, woyendetsa ndege atagwada kumapazi ake kuyang'ana tayala. Pamenepo ndi pamene bambo anati musagwedezeke.

"Chimenecho ndi cha pachikuto," anatero Wamagolovesi. "Popanda chimenecho palibe buku, ndipo bokosi sinditenga. Koma chikapezeka, pansi pake padzakhala dzina limodzi lokha."

Anakweza chala choyera n'kulemba m'malere dzina la bambo, lonse, pang'onopang'ono. Anati lidzakhala la zilembo zagolide, ndipo lidzawerengedwa m'mayiko amene bambo sanawalotepo.

"Bambo anu anali katswiri. Kupatula inu ndi ine, ndani akudziwa?"

Anadziwa pomenya. Zaka zonse za kunja ndinkauza anthu kuti bambo anga anali wojambula zithunzi, ndipo ankagwedeza mitu ngati ndanena kuti ankasoka nsapato. Ndinaonapo zithunzi zosafika n'komwe pa za bambo zitapachikidwa m'maholo aakulu, anthu akuyenda monyang'ama patsogolo pake. Pamanda a bambo panali thabwa limene dzina linali litasuluka.

Anasiya pepala la mgwirizano patebulo. Pankafunika chidindo cha chala cha mkazi wa malemu kapena siginecha ya mwana wamkulu. Anati adzabwera Lachisanu la sabata yamawa.

Masana omwewo, amayi ali panja kuwothera dzuwa, ndinatsegula bokosi. Chiswe chinali chitadya kale mulu wa pansi. Nkhope zina zinatsala maso okha. Chithunzi cha ndege chija ndinachipeza chapakati, muenvelopu yake. Nambala 2117. Ndinachilowetsa pakati pa buku n'kuchitsekera musutikesi yanga. Ndinadziuza kuti ndikuchibisa kwa mng'ono wanga.

*

Lachitatu la sabata yotsatira kunabwera mayi wachikulire, wamfupi, atanyamula kathumba ka pulasitiki. Anaodira pakhonde, ndipo nditatuluka anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti mphumi yokhayo yamuuza kuti sanasochere. Anali telala wa pakhonde la sitolo m'tauni ina, ulendo wa tsiku lathunthu. Anamva m'basi kuti zithunzi za a Musagwedezeke zikupita.

Anatulutsa buku la nyimbo m'kathumba kaja. Pakati pake panali kapepala kopindidwa kanayi, kofiirira ngati tsamba louma. Sindinafunike kukatambasula konse. Ndinaona manambala awiri omaliza m'zilembo za bambo.

Anali mkazi wa wokonza njinga uja. Anandiuza kuti patatha masiku khumi chitereni ndege, lole inamugunda mwamuna wake pamsewu waukulu. Abale a mwamuna anatenga masipanala, njinga, ngakhale chitseko, n'kumukweza basi ya kwawo ali ndi khanda kumbuyo. Iye anangobisa malaya amodzi a malemu, ndipo kapepalako kanali m'thumba mwake.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanabwere zaka zonsezi. Anati poyamba kunali kutali, kenaka kunali manyazi.

"Komanso ndinkati ndikakachitenga ndiye kuti wafadi."

Khanda lija tsopano linali bambo wa ana anayi, ndipo linali lisanaonepo nkhope ya bambo ake. Linkafunsa kawirikawiri kuti linafanana nawo pati.

"Ndimamuuza kuti makutu. Koma makutuwo, bambo, ndayamba kuwakayikira."

Amayi anali atatuluka akupapasa khoma. Anakhala pamphasa, n'kugwirana manja ndi mlendoyo ngati anthu odziwana kale. Anamuuza kuti chithunzicho anachiyanika okha, ndipo amakumbukira kuti mwamunayo anaima mowongoka ngati ndege ndi yake. Telala uja anaseka mpaka anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anati ndi yemweyo, ankayenda ngati msika wonse anaumanga ndi iye.

"Chilipo, mayi," anatero amayi. "Mwamuna wanga sankataya. Iwe, kawatengere."

Sutikesi inali kuseri kwa khoma limene ndinatsamira. Mtunda wa mapazi asanu ndi limodzi, kapena asanu ndi awiri.

Ndinati bokosi lasokonekera, chiswe chalowamo, ndipo pafunika masiku angapo kuti ndifufuze bwinobwino. Ndinamuuza kuti abwere Loweruka m'mawa. Anathokoza kwambiri. Anati agona kwa mwana wa mchemwali wake kuseri kwa msika, masiku atatu si kanthu kwa munthu amene wadikira zaka zonsezi. Anapinda kapepala kaja m'mizere yake yakale n'kukabwezera m'buku la nyimbo.

Amayi anadzuka okha, ndipo nditawagwira mkono anauchotsa.

*

Lachinayi kunacha ndi mitambo yolemera, mphepo ikununkha dothi. Amayi anasamba m'mamawa, anavala diresi lawo la kutchalitchi, n'kukhala pamwamba pa bokosi. Tiyi anamwera pomwepo.

Mng'ono wanga anatseka chipinda chometera nthawi isanakwane. Tinadzazana m'chipinda chakuda chija, iye, mkazi wake ndi ine, babu limodzi likuyaka usana. Anayamba mofatsa. Anawauza amayi kuti zithunzi zikupita kumalo kouma, kumene anthu azidzazigwira ndi magolovesi, osati kudyedwa ndi chiswe pafupi ndi bedi. Mlamu anati ana ake atatu akugona pabalaza pamene nkhope za anthu akufa zili ndi chipinda, ndiponso kuti malata atsopano sagwa kumwamba. Amayi anayankha kuti nkhopezo zinalowa m'nyumbamo iye asanabadwe.

Kenaka mng'ono wanga anatembenukira kwa ine, ndipo zimene anasunga zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zinatuluka zonse. Anandikumbutsa kuti ndi iye amene ankanyamula bambo panjinga kupita nawo kuchipatala, atawamangirira kumsana ndi nsalu kuti asagwe. Ndi iye ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwapukuta. Bambo ankafunsa za ine tsiku lililonse, ndipo iye ankanama kuti ndili m'njira.

"Maliro munalira pafoni, achimwene. Mawu anali okoma, anthu anayamikira. Lero mwabwera ndi kiyi m'khosi ngati belu la mbuzi. Mukhala masabata angati? Mukakwera ndege yanu yeniyeniyo, chiswe chizidzamvera lonjezo lanu?"

Ndinamunena kuti ndi wakuba. Anavomera. Anati ndi wakuba amene amadziwa kumene kuli mankhwala a amayi, ndipo anandifunsa ngati ine ndikudziwa mtundu wa botolo lake. Sindinkadziwa. Anamaliza ndi kunena kuti mawa pepala likapanda kusayinidwa, amayi akadzangodzuka kupita kuseri, bokosi adzalitulutsa yekha n'kuliika pamvula, nkhani ithe.

Amayi anadikira mpaka tonse titatopa.

"Ine ndatsala pang'ono. Ndikapita mudzachite zimene mukufuna, sindidzaona, ngakhale pano sindikuona. Koma mayi uja ali ndi kapepala. Mumupatse chake." Anatembenuzira nkhope kumene ndinaima. "Iwe, wachipeza?"

"Sindinachipeze, amayi."

"Dzulo sutikesi yako yatsegulidwa kanayi. Maso ndiwo anafa, mwana wanga."

Mng'ono wanga anandiyang'ana, ndipo pang'onopang'ono nkhope yake inamasuka. Sanaseke. Anangotsegula chitseko n'kuuza mkazi wake kuti atuluke, achimwene ali ndi zoti aganize.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinapita kukaima kuseri kwa chigoba cha galimoto n'kumuimbira Wamagolovesi. Ndinamuuza za telala uja ndi kapepala kake. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nkhaniyo ndi yokhudza mtima kwambiri. Ndinafunsa ngati tingamusindikizire china chofanana nacho. Anati ayi, mwaulemu. Mtengo wa chithunzicho unali woti palibe chinzake, ndipo pepala linanena momveka kuti chisaoneke kwina kulikonse buku lisanatuluke. Chaka chimodzi, mwina ziwiri. Pambuyo pake mayiyo adzatha kuona mwamuna wake pachikuto, m'masitolo a dziko lonse.

Ndinabwerera m'chipinda, ndinatsegula sutikesi kachisanu, n'kuchijambula ndi foni. Ndinadziuza kuti buku likadzatuluka ndidzamusindikizira chachikulu, cha mufelemu. Zaka za mayiyo sindinaziwerengere.

*

Mvula inayamba Lachisanu m'mawa. Pofika masana inali ikudontha m'chipinda cha amayi malo atatu, ndipo dontho limodzi linkagwera paphewa lawo, n'kutsikira pachivindikiro cha bokosi. Diresi la kutchalitchi linali litanyowa mbali yonse. Anali atakhala pamenepo kuyambira dzulo lake, kupatula pamene mlamu anawabweretsera ndowa yodzithandiziramo.

Mng'ono wanga anati amayi adwala chibayo. Iye ndi mkazi wake anawagwira m'khwapa uku ndi uku n'kuwanyamula. Anali opepuka, mapazi sanakhudze pansi. Sanakuwe. Anawakhazika pampando wa pabalaza n'kuwafunditsa bulangete, ndipo ndinaona kuti chala chachikulu cha dzanja lamanja anachibisa mkati mwa chibakera, dzanja lina litafumbata pamwamba.

Galimoto yoyera inafika mvula itachepa. Wamagolovesi anapukuta nsapato nthawi yaitali pakhomo. Anagwada kulonjera amayi, ndipo sanayankhidwe. Anaika kabokosi ka inki ya chidindo patebulo, anayang'ana manja a amayi, n'kukabwezera m'thumba.

"Tisawavutitse amayi. Mwana wamkulu alipo."

Mng'ono wanga anatambasula dzanja, ndipo ndinavula chingwe m'khosi. Iye ndi mlamu anayamba kusamutsa zithunzi kuchokera m'bokosi kupita m'makatoni ouma amene mlendoyo anabwera nawo. Zotsala zosafufutidwa anati akamalizitsa anyamata ake. Koma cha pachikuto ankafuna chituluke m'nyumbamo chili choyera.

Ndinapita kukachitenga. Anachilandira ndi manja awiri, anachipendeketsa kuwindo, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inali ya munthu amene akuonadi. Wokonza njinga anatiyang'ana tonse, dzanja lili paphiko, sipanala ikutuluka m'thumba la kabudula. Makutu ake anali aakulu, otambasuka.

Pamenepo tinamva odi pakhonde, wa mawu otsika. Anali telala uja. Mwana wa mchemwali wake anamuuza kuti galimoto yoyera yaima kwa a Musagwedezeke, ndiye anati angobwera lero, adikire pomwepo, asativutitse. Mlamu anamuyalira mphasa pakhonde pouma, n'kubweza chitseko mpaka chinatsala pang'ono kutsekeka.

Wamagolovesi anaika chithunzi patebulo chafufumimba. Anatulutsa labala watsopano, woyera, n'kumuika pambali pa cholembera.

"Ndamva mawu a mayi uja," anatero amayi pansi pa bulangete. "Iwe, ali pakhonde."

Ndinasayina kaye pepala. Kenaka ndinatenga labala. Mzere woyamba unali nambala, wachiwiri dzina, wachitatu mawu akuti wokonza njinga ndi tsiku. Bambo analemba mokanikiza, ndipo ndinafufuta nthawi yaitali, tebulo likulira. Amayi anatembenuzira nkhope kukhoma. Nditamaliza dzina linkaonekabe ukapendeketsa pepala, choncho mlamu anabweretsa simbi ndi kansalu, ndipo ndinadutsitsapo ndekha, kawiri.

Makatoni anatulukira khomo lakumbuyo. Wamagolovesi anati iye atulukira kutsogolo, kumene kunali galimoto. Analowetsa chithunzi muenvelopu yolimba n'kuigwira pachifuwa kuti isanyowe. Pakhonde telala uja anali atakhala ndi buku lake la nyimbo pamiyendo, kapepala katatuluka kale pang'ono. Wamagolovesi anamulonjera mwaulemu, ndipo mayiyo anapinda miyendo kuti adutse.

Chithunzi nambala 2117 chinatuluka m'nyumba ya bambo anga Lachisanu masana, m'manja ovala magolovesi oyera.